Kodi namwino akufuniranji kafukufuku pamene akuluakulu a m'wodi amaidziwa kale ntchito?

Mtsikana wina amene akuphunzira unamwino kuno ku Harare, yemwe agogo ake adachokera ku Dedza, wandilembera pa imelo kufunsa kuti phunziro la kafukufuku lili ndi phindu lanji kwa munthu amene ntchito yake ndi kubaya jakisoni ndi kutsuka mabala. Akuti asisitala a m'wodi akamamulangiza amangonena kuti "timachita chonchi kuyambira kale", ndipo odwala amachira ndithu.

Achemwali, asisitala anuwo muwalemekeze, pakuti manja awo agwira odwala ambiri kuposa amene inu mwawaonapo. Komabe pali zinthu zimene diso la munthu mmodzi, ngakhale atakalambira m'wodi, silingathe kuziona.

Kwa zaka zambiri, mwana akafika kuchipatala atatentha thupi kwambiri, manja ndi mapazi zitazizira chifukwa magazi sakuyenda bwino, chizolowezi chinali kumuthira madzi ambiri mofulumira kudzera m'diripi. Mwanayo ankaoneka kuti akutsitsimuka, ndipo aliyense ankakhutira kuti njirayi ikupulumutsa moyo. Kafukufuku wotchedwa FEAST, amene adachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana 3,141, adatulutsa zotsatira zake mu 2011. Anawo adawagawa mwa maere, ena n'kulandira madzi ofulumirawo, ena n'kulandira chithandizo china chonse popanda madzi ofulumirawo. Pofika maola 48, ana pafupifupi 11 pa 100 alionse amene adalandira madzi ofulumira anali atamwalira, pamene m'gulu linalo adamwalira pafupifupi 7 pa 100. Dziwani kuti ana otsegula m'mimba amene madzi awathera m'thupi sadali nawo m'kafukufukuyu, choncho zotsatirazi siziwakhudza.

Palibe namwino amene akadazindikira zimenezi pongoyang'ana mabedi a m'wodi yake, chifukwa mwana akachira tinkathokoza diripi, akamwalira tinkati adabwera naye mochedwa. Maere aja ndi amene amathetsa chinyengo chotere: magulu awiriwo amakhala ofanana pa zonse, kupatula chithandizo chimene chikuyesedwacho.

Kuwerengera kotereku ndi mbali ya unamwino kuyambira pachiyambi. Florence Nightingale, namwino wa ku Britain, atafika ku chipatala cha asilikali ku Scutari, m'dziko la Turkey, mu 1854, pa nkhondo ya ku Crimea, ankalemba ziwerengero za imfa, ndipo pambuyo pake adaonetsa kuti asilikali ambiri ankafa ndi matenda opeweka kusiyana ndi mabala a kunkhondo.

Izi sizitanthauza kuti luso la asisitala anu lilibe malo. Dokotala wofufuza David Sackett ndi anzake, pofotokoza mu 1996 za chithandizo chozikidwa pa umboni, adanenetsa kuti umboni wa kafukufuku uyenera kuyendera limodzi ndi luso la wogwira ntchito, poganiziranso zimene wodwala akufuna. Pepala la kafukufuku silidziwa kuti mayi amene wagona pabedi lakumapeto alibe ndalama ya kombi yobwereranso kuchipatala sabata yamawa. Namwino ndi amene amadziwa, ndipo malangizo ake ayenera kulingana ndi zimenezo.

Musaganizenso kuti umboni umachokera kutsidya kwa nyanja kokha. Ku Mbare konkuno, Dr Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera ndi kulangiza anthu amene ali ndi nkhawa komanso matenda a maganizo. Ntchitoyi sadaisiye pa kuiyamikira chabe, koma adaiyesa m'makiliniki 24 a mu Harare pa anthu 573, ndipo zotsatira zimene zidatuluka mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA zidaonetsa kuti patatha miyezi 6, amene adakhala pabenchi anali bwino kuposa amene adalandira chithandizo cha masiku onse. Ine nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima kwambiri, chifukwa funso lake lidabadwira m'komboni.

Inuyo yambani ndi chinthu chimodzi chimene mumachita tsiku ndi tsiku, monga kusintha bandeji ya bala la opaleshoni. Dzifunseni kuti mukunena za odwala ati, njira iti, poyerekeza ndi iti, ndipo mukufuna kuona kusintha kotani. Kenako fufuzani m'malangizo a Unduna wa Zaumoyo, a WHO, ndiponso mu Cochrane Library, momwe amasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri pa funso limodzi. Zimene mwapeza mupite nazo kwa asisitala mwaulemu, pa nthawi imene ntchito yachepa, osati pamaso pa odwala, ndipo musasinthe chithandizo panokha. Tsiku limene mudzafune kuchita kafukufuku wanuwanu pa odwala, mudzayambe mwapempha chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku ya pachipatala panu ndi ku Medical Research Council of Zimbabwe, ndipo wodwala aliyense mudzamufotokozere m'chinenero chimene akumva, kaya ndi Chishona, Chindebele kapena Chinyanja, kuti ali ndi ufulu wokana popanda kutaya chithandizo chake.