Kodi ndiike Windows 11 ndisanapite kukayankhula kumsonkhano?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amasunga mabuku a ndalama pakabungwe kena kakang'ono. Aitanidwa kukayankhula kumsonkhano ku Lilongwe sabata yamawa, ndipo nkhani yawo anaikonza kale pa PowerPoint. Vuto ndi lakuti laputopu yawo ikungowakumbutsa kuti nthawi ya Windows 10 inatha, chikhalirecho ikukananso kulandira Windows 11. Mwana wa achemwali awo wati atha kuikakamiza Loweruka lino, ikalowa ndithu. Akufunsa ngati alole kapena ayi.

Mayi, sabata ino musalole. Pali nkhani ziwiri zimene zalowana m'mutu mwanu chifukwa cha uthenga umene ukumabwera pa sikiriniwo: msonkhano wanu, ndi tsogolo la laputopuyo. Yamsonkhano ndi yamsangamsanga. Inayo ndi yofunika kwambiri, koma ikhoza kudikira mpaka mutabwerako.

Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo nthawi zina ndimaitanidwa kukayankhula pagulu. Lamulo langa ndi limodzi: sabata imene ndikukaima pamaso pa anthu, sindiika chilichonse chatsopano m'laputopu. Mukasintha Windows, si maonekedwe okha amene amasintha. Pansi pake pali timapulogalamu totchedwa madiraiva, timene timachititsa kuti Windows izimvana ndi sikirini, Wi-Fi, masipika ndi polowetsa chingwe cha pulojekita. Timeneti ndi timene timakonda kusokonekera, makamaka m'laputopu yakale imene yachita kukakamizidwa. Choipa chake n'chakuti simungadziwe muli kunyumba. Zonse zimaoneka bwinobwino mpaka nthawi imene mwalumikiza chingwe, holo yadzaza, wapampando wakutchulani kale dzina, koma pakhoma sipakuoneka kanthu. Onjezerani pamenepo kuti Office ikhoza kuyamba kufunsa laisensi imene munaiwala kale kumene ili, komanso kuti magetsi akhoza kuzima ntchito yoika Windows ili mkati, batire n'kukhala lija losachedwa kutha.

Choncho sabata ino chitani izi basi. Pitani ku Settings, kenako Update & Security, pa Windows Update mudine Pause updates, kuti isayambe zake m'mawa wa tsikulo. Nkhani yanu muisungenso ngati PDF, chifukwa PDF imatseguka mofanana pakompyuta ina iliyonse, zilembo sizisuntha. Mafayilo onse awiri muwaike pafulashi, mudzitumizirenso pa imelo ndi pafoni. Fulashiyo ikhale yopanda china chilichonse. Mukailowetsa m'kompyuta ya eni msonkhano, momwe mwalowa kale mafulashi a anthu ena ambiri, ikhoza kubwerako ndi vairasi, ndiye si bwino kuti mukhalenso mabuku a ndalama a bungwe lanu. Imbirani okonza msonkhano muwafunse ngati pulojekita yawo ndi ya HDMI kapena ya VGA, ija ya pulagi yabuluu ya timano 15. Maholo ambiri akadali ndi ya VGA, pamene malaputopu ambiri a masiku ano alibe polowetsa pake, ndiye kachingwe kosinthira kamafunika kukhala m'chikwama chanu. Mukafika msanga n'kulumikiza, dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate. Ndipo mutseke WhatsApp ya pakompyuta musanayambe. Uthenga wa kunyumba ukalowa, holo yonse imauwerenga.

Tsopano mwabwerako, tikhale pansi pa nkhani yaikuluyo.

Microsoft inasiya kupereka kwaulere zotetezera Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, patatha zaka khumi chiitulutsireni mu 2015. Zimenezi sizitanthauza kuti laputopu yanu izima. Iziyaka, Excel izitseguka, pulinta izisindikiza. Chimene chasintha n'chakuti akuba a pa intaneti akapeza mpata watsopano wolowera mu Windows 10, palibe amene autseke pakompyuta yanu. Zili ngati nyumba imene loko wake akugwirabe, koma makiyi ake akumka nachuluka m'manja mwa anthu osawadziwa. Zoterezi zinaonekapo kale. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko ambiri n'kumafuna dipo, moti zipatala zina ku England zinabweza odwala. Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpatawo mu Malichi chaka chomwecho, ndipo amene anagwidwa ndi amene anali asanachilandire. Inu muli ndi maina a anthu ndi ndalama zawo m'laputopumo. Sindingakuuzeni kuti ingokhalani choncho.

Choyamba, dziwani chifukwa chenicheni chimene ikukanira. Tsitsani kapulogalamu ka Microsoft kotchedwa PC Health Check, kakuuzani. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, Secure Boot, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi processor (ubongo wa kompyuta) yosakalamba kwambiri. Nthawi zambiri TPM imakhala ilipo koma inangozimitsidwa mu BIOS (masetingi a mkati mwa kompyuta amene amatsegulidwa Windows isanayake), momwe imalembedwa kuti PTT pamakina a Intel, kapena fTPM pa a AMD. Ngati vuto ndi limeneli, mwayi wanu. Mwana wa achemwali anuyo ayiyatse, laputopu ilandira Windows 11 mwaulemu, mopanda kukakamiza ndi mopanda kulipira.

Koma ngati vuto ndi processor, palibe choyatsa. Yang'anani ku Settings, System, About. Mukaona i5-8250U, nambala 8 yoyambayo ikutanthauza m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndipo imeneyo imaloledwa. Mukaona i5-7200U kapena i5-6300U, yatsalira. Za AMD zimayambira pa Ryzen 2000. Apa ndi pamene zimandipweteka, chifukwa malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito amene ambirife timakwanitsa kugula ali mbali yotsalirayi: ThinkPad T460 ndi T470, HP EliteBook 840 G3. Ndi makina olimba, ogwira ntchito bwino, amene munthu anasonkhera ndalama miyezi yambiri kuti awapeze. Kuuza munthu ameneyu kuti angogula ina n'kusadziwa mmene ndalama imavutira.

Zokakamizazo zimathekadi. Achinyamata ambiri amagwiritsa ntchito kapulogalamu kotchedwa Rufus kudumphira malamulo aja, ndipo Windows 11 imalowa n'kumayenda. Kungoti Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotere siyiilonjeza kuti izilandira zokonza, komanso mtundu watsopano wa Windows 11 umene umatuluka chaka ndi chaka kawirikawiri sufika wokha pamakina okakamizidwa. Pamafunika munthu wodzabwereza ntchitoyo. Palaputopu yoonerapo mafilimu sindingaletse. Pa ya mabuku a ndalama, funsani kaye ngati mnyamatayo adzakhalepo chaka chamawa, komanso kumene watenga Windows yakeyo. Ikhale yochokera patsamba la Microsoft lenilenilo, osati yokopera kwa mnzake, chifukwa zosinthidwasinthidwa zimabwera ndi katundu wina mkati.

Njira imene ndingakusankhireni poyamba ndi ya Extended Security Updates. Microsoft inatsegula mwayi woti anthu wamba apitirize kulandira zotetezera Windows 10 mpaka pa 13 Okutobala 2026. Pamafunika kuti Windows yanu ikhale ya 22H2 (dinani Start, lembani winver, muona), komanso akaunti ya Microsoft. Munthu amalowa polipira madola 30, kapena ndi mapointi 1,000 a Microsoft Rewards, kapena kwaulere polola kuti Windows Backup isunge masetingi ake pa akauntiyo. Polembetsa pamaoneka pa Windows Update pomwe paja. Ngati laputopuyo inalembetsedwa ngati ya kampani, ndondomeko yake ndi ina ndipo ndi yolipira. Sikuti vuto latha apa, koma mumapeza mpata woti muike nkhaniyi pa bajeti ya bungwe m'malo mothamanga.

Kupitirira pamenepo, njira zatsala ziwiri. Ina ndi Linux Mint, yaulere, yopepuka pamakina akale, ndipo mtundu wake wa 22 uzilandira zotetezera mpaka 2029. Mutha kuiyesa kuchokera pafulashi osakhudza chilichonse m'laputopu. Imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word, Excel ndi PowerPoint. Ine ndimaikonda, koma kwa inu zidalira chimene mumasungira mabuku. Ngati ndi Excel wamba, kapena pulogalamu ya pa intaneti yotsegula mu Chrome, muyenda bwino. Ngati ndi QuickBooks Desktop, kapena Excel yodzaza ndi ma macro (timalamulo tochita ntchito patokha), Linux ikuvutitsani ndipo musadzizunze nayo. Njira inayo ndi kugula ina, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. ThinkPad T480, EliteBook 840 G5 kapena Dell Latitude 7490 kawirikawiri zimakhala za m'badwo wachisanu ndi chitatu, ngakhale zina ndi za wachisanu ndi chiwiri. Wogulitsa asangokuuzani kuti "ili ndi Windows 11", popeza nayenso akhoza kukhala kuti anakakamiza. Tsegulani About muwerenge nokha nambala ya processor, muonetsetsenso kuti ili ndi SSD (disiki yamakono yothamanga) ndi RAM ya 8 GB.

Njira iliyonse imene mungasankhe, musanayambe koperani mafayilo onse pa hadi disiki yakunja, ndipo mutsegule angapo kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Windows 11 ndi yopitirira 5 GB, ndiye tsitsirani pa Wi-Fi ya kuofesi, osati pabandulo ya foni. Ikalowa pamwamba pa Windows 10 mumakhala ndi masiku 10 oti mubwerere ngati zavuta, koma wokuikirani akafufuta disiki yonse mwayi umenewo palibe. Ndipo ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48 munthu asanakhudze BIOS, chifukwa popanda kiyiyo ngakhale katswiri sangakutsegulireni.

Mukabwerako ku Lilongwe, mayi, munditumizire nambala ya processor ija ndi dzina la pulogalamu imene mumasungira mabuku, ndidzakuuzani njira yokuyenerani pa zimenezi.