Mafunso ndi Mayankho: Pulogalamu tinaiyesa, nanga ikuvutiranji ikafika kwa kasitomala?

Ndimayang'anira anyamata atatu opanga mapulogalamu a kompyuta. Tinapangira gulu lina losunga ndi kubwereketsa ndalama pulogalamu yolandirira malipiro a ngongole kudzera pa foni. Tinaiyesa sabata yathunthu tisanaipereke, koma tsopano mamembala ena akuoneka ngati alipira kawiri. Kodi tilembe ntchito munthu woyesa? (Bambo a ku Lilongwe)

Bambo, woyesa adzakuthandizani, koma vuto lanu linabadwa kuyesa kusanayambe. Pa ntchito imeneyi pali mbali ziwiri: kuteteza kuti cholakwika chisalowe, ndi kufufuza chomwe chalowa kale. Sabata yanu ija inagwira mbali yachiwiri yokha.

Kulembedwa kawiri kumachitika motere nthawi zambiri. Foni yatumiza malipiro, seva (kompyuta yaikulu imene mafoni amatumizako) yalandira n'kulemba, koma netiweki yaduka yankho lisanabwerere. Foni, kapena mwini wake, ikuona ngati sizinatheke, ndiye ikutumizanso, seva n'kulembanso. Mu ofesi momwe intaneti ndi yabwino simungazione zimenezi. Mankhwala ake ndi oti malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake yopangidwa pa foni asanatumizidwe, ndipo database (nkhokwe yosungira kaundula mu kompyuta) ikane kulandira nambala imodzi kawiri. Nambalayo ikabweranso, seva ingobweza yankho loyamba lija osalemba chilichonse. Poyesa, zimitsani data pakati pa kulipira, dinani batani kawiri mofulumira, kenako tumizani nambala yomweyo kasanu. M'kaundula muyenera kupezeka mzere umodzi basi.

Chachikulu kuposa apa n'choti musanalembe code (malangizo amene amapanga pulogalamu), khalani pansi ndi kasitomala mulembe chimene pulogalamu iyenera kuchita m'mawu oti munthu angathe kutsimikiza. Mawu oti "ilandire malipiro bwinobwino" sayesedwa. Lembani kuti: munthu wa ngongole ya K100,000 akalipira K20,000, yotsala ioneke K80,000, alandire uthenga umodzi, ndipo malipirowo aoneke pa lipoti la tsikulo. Mukatero funsani za m'malire, chifukwa zolakwika zimakonda kubisala kumeneko. Akalemba K0? Akalipira kupitirira ngongole ndi tambala imodzi? Tsiku lobwezera likagwera pa 29 February? Nambala ya foni wina akayamba ndi 0, wina ndi +265? Yesaninso mayina athu, monga Ng'oma, chifukwa kachizindikiro kali pakatipo kamasokoneza malamulo a SQL (chilankhulo cholamulira database) olembedwa mosasamala, ndipo khomo lomwelo ndi lomwe akuba amaloŵerapo.

Ndalama musazisunge mu float, mtundu wa nambala umene umasunga tizigawo mongoyerekeza. M'zilankhulo zambiri za kompyuta, 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004, ndipo timatambala totere tikaunjikana, mabuku sagwirizana kumapeto kwa mwezi. Sungani ngati matambala athunthu kapena gwiritsani ntchito decimal, mtundu wa nambala umene umasunga tizigawo ndendende.

Anyamata anu aziwerengerana code isanaphatikizidwe ndi ina yonse. Njirayi si yatsopano. Michael Fagan anaifotokoza mwadongosolo ku kampani ya makompyuta ya IBM mu 1976. Wowerenga asapatsidwe mizere yoposa 400 nthawi imodzi, ndipo asapitirire ola limodzi, chifukwa maso akatopa amangovomera. Cholakwika chilichonse chikapezeka, yambani mwalemba test (kapulogalamu koyesera) yochionetsa, muione ikulephera, kenako konzani. Test imeneyo ikhale ikuyendetsedwa nthawi zonse wina akasintha kanthu, kuti cholakwikacho chisadzabwerere mwakachetechete.

Tili ndi gawo la pulogalamu lomwe lagwira ntchito zaka zisanu popanda vuto. Tikufuna kuliika mu pulojekiti yatsopano. Kodi kuliyesanso si kutaya nthawi? (Mayi a ku Mzuzu)

Liyeseni, mayi. Gawo limenelo lakhala likuyenda bwino pa manambala ndi anthu amene linazolowera, osati pa atsopanowa. Pa 4 June 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika ku Kourou, m'dziko la French Guiana, patangopita masekondi pafupifupi 40 itanyamuka. Code ina inatengedwa ku Ariane 4, komwe inkagwira ntchito bwino. Koma Ariane 5 inkathamanga cham'mbali mofulumira kwambiri, ndipo nambala ya 64-bit (yotenga malo aakulu mu kompyuta) itasinthidwa kuti ilowe m'malo a 16-bit, omwe sapitirira 32,767, inasefukira. Kompyuta yachiwiri yomwe inaikidwa kuti ithandize yoyamba ikalephera inali ndi pulogalamu yomweyo, choncho nayonso inagwa pa chifukwa chomwecho.

Tengani pepala mulembe zonse zimene gawolo limangoganiza kuti zili choncho: nambala yaikulu kwambiri imene lingalandire, mtundu wa ndalama, kalembedwe ka deti, chiwerengero cha anthu olowa nthawi imodzi. Chilichonse chimene chasintha mu pulojekiti yatsopano, chiyeseni ndi manambala enieni a kumeneko.

Mavuto athu ambiri amabwera tsiku loika pulogalamu yatsopano pa seva. Titani? (Wowerenga wa ku Blantyre)

Tsiku limeneli lagwetsapo makampani akuluakulu. Pa 1 August 2012 kampani ya Knight Capital ya ku America, yogula ndi kugulitsa masheya, inataya ndalama pafupifupi madola 440 miliyoni m'mphindi 45, chifukwa pa maseva asanu ndi atatu, imodzi sinalandire code yatsopano ndipo inadzutsa code yakale yomwe inasiyidwa osachotsedwa. Pa 19 July 2024 kampani ya CrowdStrike, yopanga mapulogalamu oteteza makompyuta, inatumiza fayilo yolakwika kwa makasitomala ake nthawi imodzi, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anazima.

Kuika pulogalamu kusadalire kukumbukira kwa munthu. Lembani script (mndandanda wa malamulo woti kompyuta itsate yokha) imodzi yochita ntchito yonse, ndipo pomaliza iziona ngati seva iliyonse ili ndi version yofanana. Yambirani pa seva yoyesera yofanana ndi yeniyeniyo. Tengani backup (kope losunga padera) ya database, ndipo muyese kuibwezeretsa, chifukwa backup yosayesedwa imakhumudwitsa pa tsiku lomwe mukuifuna. Perekani zatsopanozo kwa anthu ochepa kaye, mwina 5 pa 100 alionse kapena nthambi imodzi, muyang'anire tsiku lathunthu, kenako muwonjezere. Mugwirizane pasadakhale kuti zolakwika zikafika pati mudzabwerera ku version yakale, ndiponso ndani adzalamule zimenezo. Lachisanu madzulo ndi masiku a malipiro a kumapeto kwa mwezi asiyeni, sankhani m'mawa wa Lachiwiri pamene onse olemba code ali pa ntchito.