Laputopu yangoti zii: yankho kwa aphunzitsi a ku Mzuzu

Aphunzitsi, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mwaika Linux Mint pa laputopu yanu m'malo mwa Windows, zonse zikuyenda koma mawu sakutuluka, pomwe payenera kukhala dzina la sipika palembedwa "Dummy Output", ndipo anzanu akuti mungobwezamo Windows. Ndinayamba kukuyankhani mwachidule, koma funso lanuli landitosa pachilonda.

Mu 2019 tinali ndi mwambo wa chiliza cha bambo anga kumudzi ku Dedza. Ndinali ndi kanema wa mphindi 6 amene ndinawajambula pa foni ali pakhonde, akutong'ola chimanga m'lichero, akusimba za ulendo wawo wa ku migodi ku Joni ali mnyamata. Mayi anali asanamvepo mawu a amuna awo chimwalirireni. Ndinawalonjeza kuti tsiku limenelo adzawaona ndi kuwamva.

Usiku woti mawa tikunyamuka, ndinalumikiza laputopu ku TV ndi waya wa HDMI kuti ndiyese. Zinamveka bwino. Nditazula waya uja, laputopu inangoti zii. Bambo akutakasa milomo pa sikirini, chimanga chikugwera m'lichero, koma osamveka kanthu. Inali ndi Ubuntu 18.04, mtundu wina wa Linux. Mtima unandiuluka, ndinayamba kukopera macommand pa intaneti osadziwa chomwe amachita. Wina analemba kuti mankhwala ake n'kuchotsa PulseAudio ndi alsa-base, mapulogalamu oyendetsa mawu, kenako n'kuikanso. Ndinachotsa. Zinapita pamodzi ndi zinthu zina za desktop, bandulo inathera potsitsanso zomwe ndinagwetsazo, ndipo cha m'ma 2 koloko magetsi anazima. Kumudzi ndinapita ndi foni yokha. Anthu anaunjikana pa kasipika kake, ana akulira, mphepo ikuwomba. Mayi analanda foni n'kuyigunditsa pakhutu. Mawu anawamva, koma nkhope sanaione, poti sikirini inali itatsamira patsaya lawo.

Patapita sabata ndinatsegula kapulogalamu kotchedwa pavucontrol, pa Configuration, n'kupeza kuti pakadali "Digital Stereo (HDMI) Output". Kompyuta inali ikutumizabe mawu ku TV yomwe inalibe. Ndinasankha "Analog Stereo Duplex", bambo n'kuyamba kulankhula. Palibe chinawonongeka usiku uja kupatula zomwe ndinawononga ndi manja anga.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi anthu amene amaponyera munthu wovutika macommand a sudo, omwe amapereka mphamvu yosintha chilichonse pa kompyuta, osamufunsa n'komwe kuti ali ndi Linux iti. Amenewo ndi asing'anga opereka mankhwala asanamuone wodwala. Mawu a pa Linux amadutsa m'manja angapo. Pansi penipeni pali ALSA, yomwe ili mu kernel, mtima wa Linux, ndipo ndiyo imalankhula ndi sound card, kachipangizo kotulutsa mawu mu kompyuta. Pamwamba pake panabwera PulseAudio ya Lennart Poettering, imene Ubuntu inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2008. Kenako Wim Taymans wa ku Red Hat anapanga PipeWire, yomwe inadzalowa m'malo mwa PulseAudio. Fedora 34, mtundu winanso wa Linux, inasamukira kumeneko mu 2021, Ubuntu 22.10 mu 2022, ndipo Mint 22 mu 2024. Ndiye taganizani: malangizo olembedwa mu 2012 onena kuti lembani "pulseaudio -k" akukuuzani kuti muzimitse chinthu chomwe mwina pa makina anu mulibe. Koma Google imakuonetsani omwewo poyamba. Ine ndafika poti malangizo opanda deti sindiwawerenga n'komwe, ndipo onena kuti "purge", kutanthauza kuchotseratu pulogalamu, ndimawathawa.

Za kubwerera ku Windows nazonso sindigwirizana nazo. Malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi akaunjika, Windows 10 inasiya kulandira ma update aulere a masiku onse mu Okutobala 2025, ndipo ambiri mwa makinawa Windows 11 imawakana. Mwana wasukulu atani, aitaye? Ndaonapo laputopu ya zaka 10 ikuthamanga ndi Mint ngati yatsopano. Kuisiya chifukwa cha switch imodzi kumandiwawa.

Ndinenepo za mahedifoni a Bluetooth, poti ambiri amandifunsa. Mukamva nyimbo zikumveka ngati wailesi yakale, sikuti hedifoni ndi yafeki. Yalowa mu HSP/HFP, njira yoimbira foni, chifukwa pulogalamu ina ngati Zoom yatsegula maikolofoni. Ibwezeni pa A2DP, njira yomvetsera nyimbo, mu pavucontrol momwemo.

Nanga inu mutani?

Vuto lanu likusiyana ndi langa. "Dummy Output" nthawi zambiri imatanthauza kuti kompyuta sikuiona n'komwe sound card. Tsegulani terminal, pomwe timalembapo macommand, lembani aplay -l. Ikanena kuti "no soundcards found" ndipo laputopu yanu ili ndi purosesa ya Intel ya zaka zaposachedwa, kawirikawiri chosowa ndi firmware ya SOF, kapulogalamu koyendetsa sound card: lembani sudo apt install firmware-sof-signed, kenako zimitsani n'kuyatsanso. Zikakana, pitani mu Update Manager, pa View, Linux Kernels, muike kernel yatsopano. Yakaleyo musaichotse kuti mukhale ndi pobwerera.

Card ikaoneka, ndiye lembani pactl info muone ngati muli pa PipeWire. Ngati ndi choncho, systemctl --user restart pipewire pipewire-pulse wireplumber imadzutsa zonse popanda kuchotsa kanthu. Kenako lembani alsamixer, dinani F6 kuti musankhe card, ndipo paliponse palembedwa MM pansi pa Master kapena Speaker ndi potsekedwa, dinani M pakhale 00. Yesani ndi speaker-test -c 2 -t wav, mumve mawu akuti "Front Left, Front Right". Ngati laputopuyo ili ndi Windows mbali ina, kazimitseni Fast Startup mu Windows momwemo, poti imatha kusiya card isanazime bwino.

Zikakanikabe, nditumizireni zomwe aplay -l yalemba, mtundu wa laputopu, ndi nambala ya Mint yanu. Kujambula sikirini ndi foni kukukwanira. Musachotse kalikonse tisanaonere limodzi.