Musalole mmisiri athamangire bodi asanaone sefa

Achemwali, zulani pulagi kaye musanapitirize kuwerenga. Makina ochapa ndi kuumitsa akamang'ung'uza madzi osalowa, kenako n'kugwetsa breka akafika poumitsa ngati mmene anuwo akuchitiramu, si oti muziwayesayesa ayi. Anga anayamba choncho, ndipo anatsala pang'ono kundipha.

Ndinaitana mmisiri wina amene anthu ankamutama kwambiri. Payipi ya kumbuyo sanaikhudze n'komwe, anangotchera khutu n'kunena kuti bodi, kachipangizo koyendetsa zonse za m'makinamo, yapsa. Anachotsa bodi yanga yabwinobwino, n'kuikamo ina yakale, ndalama n'kulandira. Madzi ankalowabe mwa apo ndi apo, koma breka inasiya kugwa, ine n'kumati bola. Usiku wina nditaika zovala za ana kuti ziume, ndinamva fungo la pulasitiki wopserera. Ndikulowa, pansi pali madzi, ine ndilibe nsapato. Nditangogwira chitseko cha makinawo, nyesi inandimenya kuyambira m'zala mpaka m'phewa, mano kugundana, ndinakagwera kukhoma. Breka inagwa pomwepo, nyumba yonse bii! Mumdimamo ndinangomva mwana wanga wamng'ono akukwawa kubwera kumene kunali madziwo. Ndinamufufuza ndi dzanja lamanzere, lamanjali litachita dzanzi, ndikunjenjemera thupi lonse. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Mmisiri wachiwiri atatsegula anagwira pakamwa. Bambo woyamba uja anali atadula waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu umene umapititsa pansi magetsi othawa, kuti breka isamagwe! Breka yoteteza anthu imagwa magetsi akangothawa ngakhale ochepa kwambiri, okwana 30 mA, ndiye iye m'malo mofufuza pamene akuthawira, anatseka njira yake, magetsiwo n'kudzadutsa mwa ine. Munthu wotani wochita zimenezi m'nyumba muli ana? Foni anasiya kuyankha, bodi yanga sindinaionenso.

Vuto lenileni linali laling'ono. Kasefa kamene kali pamene payipi imalowera m'makina kanali katadzaza mchenga ndi dzimbiri. Komanso valavu ina, kachipangizo kotsegula ndi kutseka madzi olowa, inali itang'aluka, madzi n'kumadonthera pa mawaya a elementi yotenthetsa. Ambiri sadziwa kuti makina ambiri a mtunduwu amakoka madzi ozizira ngakhale poumitsa, kuti aziziritse nthunzi yochokera m'zovala, n'chifukwa chake zovuta zimaonekera nthawi imeneyo.

Ndiye musamangokhulupirira amisiriwa, yambani nokha. Tsekani mpopi, masulani payipi, muilozetse mu ndowa n'kutsegula muone ngati madzi akutuluka mwamphamvu. Akamatuluka mofooka, vuto si makina. Kasefako kokani ndi pulayala, mukatsuke ndi mswachi. Onaninso ngati chitseko chikukhoma mpaka kumveka, chifukwa loko yake ikafa makina sakoka madzi. Payipi yotaya madzi ikwezeke masentimita 60 mpaka 100 kuchokera pansi, ikatsika kwambiri madzi amalowa uku akutuluka, makina osadzaza. Ndipo mukapeza madzi mu dilamu pulagi ili yozula, kawirikawiri valavu ndiyo yakanirira, bodi ilibe mlandu.

Koma za breka zo musazigwire nokha chonde, itanani mmisiri wa zamagetsi ndithu. Komanso kunena zoona bodi nthawi zina imapsadi, makamaka madzi akaidonthera. Chofunika muime pompo, akuonetseni pa mita kuti elementi ikutayira magetsi ku chitsulo kapena ayi, ayezenso koyilo ya valavu ndi kapayipi kopita ku swichi yoyeza kuchuluka kwa madzi. Chilichonse chimene wachotsa chitsale m'nyumba mwanu. Asanatseke chivundikiro, muone ndi maso anu kuti waya wobiriwira ndi wachikasu uja ndi womangidwa. Ndipo ngati makinawo mumalumikiza pa ekisitenshoni, ichotseni lero, elementi imakoka mawati pafupifupi 2,000, ifunika soketi yakeyake ya pakhoma.