Pemphero la mbandakucha ndi mtsikana wa pambaula

Makalata ambiri a sabata ino ndi a amuna ozembera ndi apongozi olowerera. Ndawaika pambali kaye, ndatenga iyi, chifukwa mwiniwake wafunsa chinthu china pamene vuto lake lalikulu waliponya m'chiganizo chimodzi osaliona.

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, namwino pachipatala china mumzinda wa Blantyre, ndimakhala ku Chirimba. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ali Sitandade 3, wamng'ono ali ndi chaka ndi miyezi inayi. Ndinavala yunifolomu ya Mvano zaka zinayi zapitazo, koma masiku ano Lachinayi limandipeza kuntchito kapena ndili m'tulo nditagwira ya usiku. Baibulo langa lachita fumbi. Bambo a kunyumba anasiya kalekale kupita kutchalitchi. Amabwera usiku atamwa, ndikagwada amandiseka, amati ngati pemphero limagula ufa ndipemphere thumba ligwe kudenga. Malipiro awo sindiwaona. Pagulu lathu la WhatsApp amayi amadzutsana 12 koloko usiku kuti tipemphere, mu Januwale amasala masiku 21, ena amakwera phiri la Soche Loweruka. Ine ndinayesa kusala, ndinatsala pang'ono kugwa m'wodi. Panopa ndimadzuka 4 koloko, n'kudzutsa kamtsikana komwe tinakatenga kumudzi kwa apongozi kuti kakoleze mbaula ndi kuchapa, ine ndipezeko mphindi zopemphera, koma ndimangosinza nditagwada. Lamulungu ndikakhala kuti sindili pantchito ndimapita kutchalitchi, mwana amatsala ndi kamtsikanako chifukwa amasokosa. Ndiuzeni tizinthu tauzimu tosavuta tomwe mayi wotanganidwa angachite tsiku ndi tsiku, kuti Mulungu abwerere m'nyumba mwanga ndi kusintha mwamuna wanga.

Mayi wotopa, Chirimba

Mwana wanga,

Za bambo wa ana akowo sindichedwapo. Mwamuna wodya nsima yogula mkazi, malipiro ake n'kuthera kumowa, kenaka n'kumaseka mkaziyo akagwada, ndilibe mawu omuikira kumbuyo. Imeneyo ndi nkhani ya ankhoswe. Itana a mbali zonse ziwiri, ndipo akamabwera akupeze utalemba papepala ndalama za lendi, ufa, makala ndi za kusukulu za miyezi itatu yapitayi, ndi dzina la amene analipira chilichonse. Ankhoswe akalephera, akuluampingo alipo. Tsiku lomwe adzakukwezere dzanja, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lakhalapo chiyambire 2006. Uzimupempherera ndithu, koma chotsa m'mutu mwako maganizo oti amamwa chifukwa iwe unalephera kusala masiku 21. Amamwa chifukwa wasankha kumwa.

Chandiimitsa ine m'kalata yako ndi munthu wina. Wandiuza zaka zako, kalasi ya mwana wako wamkulu, ngakhale miyezi ya wamng'ono waiwerenga bwinobwino. Koma mtsikana amene amadzuka 4 koloko sunandiuze zaka zake, ndipo kawiri konse wamutcha "kamtsikana", ngati ukunena kampando kapena kabeseni. Ndawerenga kalata yako katatu kufuna pomwe wanena za sukulu yake, palibe. Iwe ukakhala kuwodi tsiku lonse, bambowo ali kwawo kumene amakhalako, mwana wa chaka ndi miyezi inayi amatsala ndi ndani? Ndiye kuti mtsikanayo sukulu sapita. Kutchalitchi wanena wekha kuti sapita. Ndipo ndikukhulupirira kuti pomutenga kumudzi kuja, mawu akuti "akaphunzira kutauni" anatuluka pakamwa pa wina mwa inu.

Ukundifunsa kuti Mulungu abwerere bwanji m'nyumba mwako, pamene mphindi zako zopempherazo ukuzigula ndi tulo ta mwana wa mwini wake. Iwe uli chogwada kuchipinda, iye ali chowerama pabeseni panja, kuzizira kwa mu Juni kukumuluma zala. Mulungu amene ukulankhula nayeyo amakuonani nonse awiri pa nthawi imodzi.

Ndikulankhula chonchi chifukwa beseni limenelo ndikulidziwa. Ndili ndi zaka 13, mayi anga ananditumiza kwa achibale ku Zomba atalonjezedwa kuti ndikapitiriza sukulu. Mayi a m'nyumbamo anali munthu wa mapemphero, wodziwika mumpingo. Loweruka madzulo ndinkasita bulauzi yawo yoyera ndi nsimbi ya makala, ndikuuzira phulusa kumbali, mtima uli phaphapha kuopa kuti kakhala kakang'ono kangagwerepo. Lamulungu belu la tchalitchi linkandipeza pampopi ndikuchapa matewera. Usiku banja lonse linkaimba nyimbo pabalaza, ine ndikumvera kuseri kwa khoma ndikukwecha mphika wa nyemba. Nyimbozo ndinaziloweza zonse, koma panalibe tsiku lomwe wina anati lowa ukhale nafe. Mayiwo sanandimenyepo, sanandimanepo nsima. Sankandiona basi. Patatha zaka ziwiri kunabwera gogo wina wa mumpingo momwemo kudzacheza. Ndikuwapatsa madzi osamba m'manja anandifunsa dzina, kenaka anatembenukira kwa mwini nyumba n'kufunsa kuti, "Nanga mwanayu amapemphera kuti?" M'nyumbamo munangoti zii. Teremu yotsatira ndinabwerera kusukulu, ndili wamtali kuposa anzanga onse m'kalasi. Gogoyo anamwalira kalekale, koma funso lakelo ndi lomwe ndikukufunsa lero.

Nkhani imeneyi Baibulo silinaibise. Tsegula Deuteronomo 5 ndime 14, pamene pali lamulo la Sabata. Silinena za mwini nyumba yekha. Limatchula mwana wamwamuna ndi wamkazi, wantchito wamwamuna ndi wamkazi, ng'ombe, bulu ndi mlendo, ndipo limapereka chifukwa chake: kuti wantchito wako apume monga momwe iwe ukupumira. Ndime yotsatira imakumbutsa Aisraeli kuti nawonso anali akapolo ku Ejipito. Ukatero pita pa Yesaya 58. Anthu kumeneko akudandaula ngati mmene ukudandaulira iwemu, kuti tasala kudya koma Mulungu sakutiona. Yankho lomwe akulandira pa ndime 3 ndi lakuti pa tsiku lomwe akusalalo akupanikiza antchito awo. Mutu umenewu ndikanakonda amayi a pagulu lanu la WhatsApp aziuwerenga pa 1 Januwale asanayambe masiku 21 aja, aliyense ataitana womuthandiza ntchito kuti amvere nawo.

Ife amayi a mpingo timakonda kulalikirana za Marita ndi Mariya, pa Luka 10. Timauzana kuti tisakhale ngati Marita wotanganidwa ndi miphika, tikhale pa mapazi a Ambuye ngati Mariya. Ulaliki wabwino ndithu. Koma ndaona kwa zaka zambiri kuti m'matauni mwathu muno ambiri timakhala Mariya chifukwa tapeza mwana wa kumudzi womusandutsa Marita mokakamiza. Yesu ananena kuti gawo labwino lomwe Mariya anasankha silidzachotsedwa kwa iye. Mtsikana wa m'nyumba mwakoyo akulandidwa gawo limenelo Lamulungu lililonse, ndipo womulanda wavala duku loyera. Izi zimandiwawa kwambiri ndikaona masana a tsiku la msonkhano wawo, amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Umanyano ali mbee mumsewu kupita kukaona odwala ndi kukapepesa ofedwa, ntchito yabwino yosanyozeka, koma kunyumba zawo kwatsala ana a eni omwe sanaonepo mkati mwa kalasi chichokereni kumudzi. Sukulu ya pulayimale m'dziko muno ndi yaulere chiyambire 1994. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Akuluakulu anatiuza kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zonsezi timazidziwa, timangosankha kuti zisafike kukhitchini kwathu.

Ndikudziwa uyankha kuti, Azakhali, nanga nditani, ntchito ndisiye? Ayi. Ndikudziwanso kuti iwe ndi mtsikanayo nonse mukusenza katundu amene mwamuna wako anamutula. Koma pothawa kulimbana ndi wamkulu, katunduyo wamutsitsira pa wamng'ono amene sangakuyankhe. Pa bwalo la ankhoswe lija, nkhani ya mtsikanayu ikhale pamwamba penipeni. Ndi wa kwawo kwa mwamunayo. Ndalama imene ikuthera kumowa ikwanira kulipira mayi wamkulu woti azibwera masana kudzakhala ndi mwana, mtsikanayo ali m'kalasi.

Tsopano za timiyambo tomwe wapempha. Choyamba, gona. Salimo 127 ndime 2 likunena kuti n'kwachabe kulawirira m'mamawa ndi kugona mochedwa ukudya chakudya cha thukuta lowawa, pakuti Mulungu amapatsa tulo okondedwa ake. Namwino wosinza atagwira jakisoni angathe kuvulaza munthu, ndipo palibe Mulungu amene angakondwere nazo. Foni yako izikhala chete usiku. Amayi a 12 koloko aja apitirize, ambiri mwa iwo sadzuka kukayeza odwala m'mawa mwake, ndipo pemphero si mpikisano wa amene wavutika kwambiri. Hana anapemphera ku Silo milomo yokha ikugwedera, mawu osamveka, mpaka Eli anamuyesa woledzera, koma anayankhidwa. Nehemiya mfumu itamufunsa chomwe akufuna, anapemphera pomwepo ali chiimire asanayankhe, pemphero lotalika ngati kupuma kamodzi.

Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti pemphero la mayi wotanganidwa liyenera kumangidwa pa zinthu zomwe manja ake amachita kale. Mayi anga sankadziwa kuwerenga, koma sanakolezepo moto wa m'mawa osayamba ati, "Zikomo Ambuye, kwacha." Mawu atatu basi, ndipo ndinawamva tsiku lililonse la ubwana wanga. Anzathu achisilamu swala zawo zisanu patsiku sizitenga nthawi yaitali iliyonse, koma zili ndi nthawi yake yokhazikika, n'chifukwa chake mayi wogulitsa nsomba pamsika amazikwanitsa. Mayi wachikatolika amatha kumaliza korona ali m'minibasi, dzanja lili m'chikwama, woyandikana naye osadziwa n'komwe.

Iwe uli ndi mwayi woposa onsewa. Namwino amasamba m'manja kangati patsiku? Ukachoka pa bedi la wodwala n'kufika pampopi, sopo ali m'manja, mutchule wodwalayo mumtima n'kunena kuti, Ambuye, mukhale naye. Sizikuwonjezera mphindi ngakhale imodzi pa ntchito yako, koma pofika poweruka udzakhala utapemphera kuposa amene anakwera Soche. M'minibasi ya ku Chirimba, m'malo moyang'ana foni, tchula anthu a m'nyumba mwako mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake ndi chosowa chake. Ukafika pa mtsikana uja, ukapeza kuti sukudziwa chomwe akusowa, kamufunse madzulo ake. Mwina akufuna kuona mayi ake. Mwina wakula msinkhu ndipo palibe amene anamulangiza kapena kumugulira zofunika pa masiku ake a mwezi.

Chakudya chamadzulo muzidyera pamodzi, mbale yake ili pomwe pali mbale za ana ako, ndipo wopempherera chakudya azisinthasintha, tsiku lina iwe, tsiku lina mwana wako wamkulu, tsiku lina iye. Mukatha kudya, salimo limodzi lalifupi, ngati la 23 kapena la 121, awerenge ndi iyeyo mokweza. Udzamva pomwepo pamene sukulu inamuthera, ndipo ukamamuthandiza mawu ovuta, Baibulo lako lija lichoka fumbi. Bambowo akafika n'kuyamba kuseka, musaleke, malizani salimo lanu. Masiku omwe uli kuntchito usiku, awiriwo angathe kuwerenga okha.

Lamulungu nyamula mwana wako kumbuyo mupite nonse. Mwana wosokosa amatuluka naye panja ndi mayi ake, amayi akhala akuchita zimenezi chiyambire matchalitchi a udzu. Ukakhala pantchito, mtsikanayo apite ndi anansi. Za kumudzutsa 4 koloko zithe mawa lomwe. Zochapa zingathe kudikira masana kapena tsiku lomwe ukupuma, muchapire limodzi.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, koma usadikire. Sabata ino pita kwa mphunzitsi wamkulu wa pulayimale yomwe muli nayo pafupi ukafunse zofunika kuti alembedwe, ndipo uimbire mayi ake foni uwauze wekha. Teremu yoyamba ikatha undilemberenso. Za bambowo udzandiuze mmene ankhoswe anagamulira, koma uyambe ndi zaka za mtsikanayo, kalasi yomwe walowa, ndi mmene wakhozera masamu.

Azakhali