Cello ikulira ngati mbuzi pa noti imodzi: kodi yasweka?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Luchenza, kwa achemwali ena omwe amaphunzitsa ku pulayimale. Amalume awo adawabweretsera cello yakale, choimbira chachikulu cha nsambo zinayi choimbidwa ndi uta, kuchokera ku Johannesburg, ndipo akhala akuphunzira okha kwa miyezi ingapo. Zonse zikuyenda, koma akangofika pa noti ya F pa nsambo yotchedwa G, mawu amayamba kunjenjemera ndi kuduladula, mwa mawu awo, "ngati mbuzi yomangidwa pa chingwe chachifupi". Akufunsa ziwiri: kodi cello yasweka? Nanga kachitsulo kachikasu kamene adakaona pa intaneti, komangirira pa nsambo, kamathandizadi kapena ndi kuba ndalama chabe?

Achemwali, khazikani mtima pansi. Chimene mwakumana nacho chili ndi dzina. Azungu amati wolf tone, ife tinene kuti mmbulu, ngakhale kunena zoona kulira kwake n'kwa mbuziyo basi. Pafupifupi cello iliyonse ili nawo, ndipo nthawi zambiri umakhala pakati pa noti ya E ndi ya F sharp, noti yokwererapo pang'ono pa F. Chodabwitsa n'chakuti cello zomveka bwino, za thupi lonjenjemera momasuka, ndizo zimakhala ndi mmbulu waukali. Choncho musawakwiyire amalume.

Chimachitika n'chiyani? Mukakoka uta, nsambo imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumatsikira m'thupi la cello kudzera pa bridge, kathabwa koimirira kamene nsambo zimadutsapo. Thupilo nalo lili ndi mawu akeake amene limawakonda, monga momwe ng'oma iliyonse ilili ndi liwu lake. Pa cello zambiri mawu amenewa ali pafupi ndi F, yomwe imanjenjemera ka 175 pa sekondi, kapena F sharp, ka 185. Mukaimba noti yomweyo, thabwa lapamwamba limagwedezeka kwambiri mpaka bridge siikhazikikanso. Thupi limalanda mphamvu ya nsambo, uta umataya kugwira kwake, kenaka thupi likatopa nsambo imayambanso, kulandidwanso, kangapo pa sekondi imodzi. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: akamapatsana mpata zimakoma kumva, koma akayamba kutsitsa misi nthawi imodzi imagundana, chimanga n'kumatayikira pansi. Katswiri wa sayansi wa ku India, C.V. Raman, adalemba za nkhaniyi mu 1916 ali ku Calcutta, zaka 14 asanalandire mphotho ya Nobel pa kafukufuku wina wokhudza kuwala. Ndiye mukuona kuti mbuzi yanuyo idasokonezapo mitu ikuluikulu.

Mwina mwaona kuti F yomweyo mukaiimba pa nsambo ya D savuta kwenikweni. Nsambo ya G ndi yonenepa, imakoka bridge mwamphamvu, ndiye mkangano wake ndi thupi umakula. Pa nsambo ya C, yonenepa kuposa zonse, mukakwera pamwamba, zimanyanya.

Musanagule kanthu, chitani ziwiri. Choyamba, gogodani pang'onopang'ono ndi chala chopinda kuzungulira m'mphepete monse momwe matabwa adalumikizana. Pakamveka phephe, ngati thabwa lolekana, ndiye kuti guluu wamasuka, ndipo limenelo ndi vuto lina. Kuno kwathu zimachitika kawirikawiri chifukwa guluu wa zoimbira izi ndi wa zikopa za nyama, sagwirizana ndi chinyezi. Chonde musathirepo supa guluu. Wokonza adzalephera kutsegula osaswa thabwa. Chachiwiri, khalani pansi, imbani F ija, kenaka finyani cello pang'ono ndi mawondo. Mbuzi ikatonthola, mwatsimikiza kuti ndi mmbulu. Oimba ambiri amangodalira mawondo omwewo moyo wawo wonse, kuphatikiza kukanikiza uta pang'ono ndi kuusendeza kufupi ndi bridge akafika pa notiyo.

Tsopano kachitsulo kaja. Inde, kamagwira ntchito, koma osati momwe ogulitsa amanenera. Mmbulu sufa. Mumangoufooketsa kapena kuusamutsa.

Kamamangidwa pa kachigawo ka nsambo kotsalira kuseri kwa bridge, pakati pa bridge ndi tailpiece, chogwirira nsambo cha kumunsi kwa cello, pamene uta sufika. Pa cello yaikulu kachigawoka n'kotalika pafupifupi masentimita 11 kapena 12. Mtundu wakale ndi kachubu ka bulasi kokhala ndi mphira mkati ndi kasikuluwu pambali. Mtundu watsopano ndi kabulasi kolimba kokhala ndi mpata wokhota, kopanda mphira, kongokoleka pa nsambo. Tizitsuloti timalemera magalamu ochepa chabe, tina 3, tina kupitirira 10. Kulemerako kumatsitsa mawu a kachigawo kaja mpaka afanane ndi a mmbulu, ndipo thupi likayamba kugwedezeka mopitirira, kachitsuloko kamalandirako mphamvu ina. Kunena kwina, mwabweretsa mkhalapakati.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amangomanga paliponse n'kumati sikathandiza. Pamafunika kuleza mtima, ola lathunthu mwina. Tsegulani tuner ya pa foni, pulogalamu yoonetsa noti imene mukuimba, tsetsereketsani chala pang'onopang'ono pa nsambo ya G, uta wopepuka, mpaka mupeze penipeni pamene pakuipa kwambiri. Lembani. Mangani kachitsulo pa G kuseri kwa bridge, kenaka kokani uta pa kachigawo kafupi kaja kuti mumve mawu ake. Mukakasendeza chapakati mawu amatsika, mukakabweza kufupi ndi bridge amakwera. Sunthani mamilimita awiri kapena atatu, imbani F, mverani, sunthaninso. Pa G zikakana, yesani pa C. Ine ndimakonda kuukankhira mmbulu pakati pa F ndi F sharp, pamalo pomwe chala sichiimapo, n'kuusiya ukhale kumeneko wofooka.

Ndipo sankhani kopepuka kwambiri kamene kangathe ntchitoyo. Ndidayamba ndi kolemera, mbuzi idatontholadi, koma cello yonse idakhala ngati ikuimba ili ndi chimfine. Nsambo ya G idataya kukoma kwake konse. Ndidaona kuti bola kambuzi kolira patali kusiyana ndi choimbira chotsekeka pakhosi.

Mwafunsa zoitanitsa kunja. Ngati muli ndi wachibale wobwera kuchokera ku Joni, mutumeni. N'kanthu kokwana m'thumba la malaya. Koma podikira mungayese za pakhomo. Pegi yoyanikira zovala mukaipana pa kachigawo kaja imakuuzani msanga ngati kulemera pamenepo kukusintha kanthu. Ngati muli ndi mute ya mphira, kachipangizo kochepetsera mawu a cello, isiyeni pomwepo kuseri kwa bridge, nayo imathandizako. Kanga koyamba ndidakapanga ndi kabulasi ka mkati mwa zolumikizira mawaya a magetsi, tija ta masikuluwu awiri topezeka mu hadiweya iliyonse pa Chitakale. Apa ndiulule kupusa kwanga. Ndidamanga sikuluwu pa nsambo yopanda chotchinga, ndikumangitsa ngati ndikukonza njinga. Sikuluwu idaluma waya wokulunga nsambo, patapita masiku atatu G idayamba kumasuka ngati ulusi wa juzi. Ndidakhala mwezi wathunthu ndikuimba nsambo zitatu, ndikudikira munthu wobwera nayo ina. Ulendo wachiwiri ndidayamba ndaveka nsambo kampira ka valavu ya njinga, kenaka kabulasi pamwamba, sikuluwu yongogwira basi. Masulani nsambo ya G yokha pochita zimenezi, zinazo zikhale zomangika, kuopa kuti bridge ndi kamtengo koimirira mkati zingagwe.

Chomaliza ndi nyengo, ndipo pa ichi ife a Mulanje ndi Thyolo tili ndi vuto lathulathu. Thabwa limamwa chinyezi. Chiperoni ikagwa mu June ndi July, phiri osaoneka, zovala masiku atatu pa chingwe osauma, thupi la cello limalemera pang'ono ndipo mmbulu umatsika. Ukafika October, fumbi lili kobo, umakweranso. Malo amene mudzapeze sabata ino sadzakhala abwino chaka chonse. Cello muziisunga m'chikwama chake, kutali ndi khoma lozizira ndi zenera, ndipo osaiyandikiza ku mbaula kuti iume. Pa nsambo yanga ya G pali timadontho tiwiri ta inki kuseri kwa bridge, totalikirana pang'ono chabe, kena ka nthawi ya chiperoni, kena ka chilimwe. Mukapeza kanu koyamba, achemwali, mundilembere mundiuze noti imene mbuzi yanu yathawirako.