Prado ndi yolimbadi, koma funsani kaye injini yake ndi komwe yachokera

Achimwene, mwafunsa ngati galimoto ya Toyota Prado yakale, ya mtundu wa 120, ndi yolimbadi monga anthu amanenera, komanso ngati n'kwanzeru kuwonjezera ndalama kuti mugule imeneyo m'malo mwa X-Trail, poti mumakhala ku Mzuzu koma kwanu ndi ku Nthalire ndipo mumapitako ngakhale mvula ili pakati. Ine ndimayendetsa ya petulo, ya injini ya 2.7, ndiye ndiyankha mwa zomwe ndimazidziwa.

Kwa msewu wanuwo, X-Trail iikeni pambali. Si galimoto yoipa, ngakhalenso RAV4, koma zimenezi anazipangira phula ndi fumbi lapang'ono. Zilibe low range, giya ija yoyenda pang'onopang'ono koma yokoka mwamphamvu, ndipo thupi ndi chasesi n'chinthu chimodzi. Prado ili ndi chasesi yakeyake yachitsulo pomwe thupi limakhalapo, mawilo onse anayi amakoka nthawi zonse, ndipo low range ilipo. Mukadutsa Rumphi ndi Bolero n'kulowera cha ku Nyika mu February, m'malo momwe mulibe phula, kusiyana kumeneku mudzakuona ndi maso, makamaka pa chitunda chamatope mutanyamula anthu ndi matumba.

Koma mawu akuti "Prado siifa" asakunamizeni. Mtundu wa 120 unapangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009, kutanthauza kuti ngakhale yomaliza kutuluka kufakitale yadutsa zaka khumi ndi zisanu. Pa msinkhu umenewu chofunika kwambiri si dzina lolembedwa kumbuyo, koma mmene mwini wakale ankaisamalira, ndi injini yomwe ili mkatimo. Apa ndi pomwe ambiri amagwa m'mbuna, chifukwa ma Prado amafanana kunja koma mitima yake n'njosiyana.

Ya petulo ya 2.7, yomwe amaitcha 2TR-FE, ndiyo ndimaikonda kwa munthu wogula ndi ndalama za m'thumba mwake. Imayendera tcheni osati timing belt, ilibe turbo, ndipo makaniko aliyense wodziwa Hilux ndi Hiace amaidziwa chifukwa injini yomweyi imapezekanso mmenemo. Vuto lake n'lakuti mphamvu n'zochepa poyerekeza ndi kulemera kwa galimoto. Pokwera Chiweta mutadzaza, imalira kwambiri ndipo muyenera kudekha. Imamwanso: yanga imayenda makilomita 7 kapena 8 pa lita, ndipo thanki yake ndi ya malita 87. Werengani nokha pa mtengo womwe MERA yalengeza, muone ngati mtima ukhala m'malo.

Za dizilo zilipo mitundu ingapo. 1KZ-TE ya 3.0 imakoka bwino, koma ikangotentha mopitirira ngakhale kamodzi, cylinder head imatha kung'ambika. Choncho radiator, thermostat ndi fan zisamakhale za "tidzaona mawa". 1KD-FTV, ija amalemba D-4D, ndi yamphamvu kuposa inzake ndipo imasunga mafuta, koma ndi ya common rail, kutanthauza kuti imapopera dizilo ndi mphamvu yaikulu kwambiri, ndiye ma injector ake, tizipangizo topopera dizilo mu injini, safuna dizilo wakuda kapena wamadzi. Ilinso ndi matenda odziwika: timawasha ta pansi pa ma injector tikayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo, n'kutseka sefa ya pansi pa sump, injini n'kusowa oyilo osaonetsa chizindikiro chachikulu. Timing belt yake amasintha pa makilomita 150,000, ndipo ngati wogulitsa alibe umboni woti inasinthidwa, sinthani tsiku lomwe mwagula. Ndiye pali 5L-E, ija mumaiona m'ma Prado a mabungwe ndi a boma. Ilibe turbo, ndi yaulesi pa phula, koma imapirira kwambiri. Mukapeza yotero yomwe bungwe likugulitsa ili ndi buku la service, ithamangireni.

Nkhani ya dizilo ndikuikokera dala chifukwa cha mmene zinthu zilili kwathu kuno. Mafuta akasowa, tonse timathamangira kwa a zigubu, ndipo simudziwa chomwe asakanizamo. Injini yakale imameza n'kupita, koma ya common rail imadzakulipiritsani ma injector anayi pakamodzi, ndalama yomwe ena amagulira Vitz yathunthu. Ngati mwasankha D-4D, yendani ndi fuel filter yapadera m'galimoto, ndipo nyali ya madzi a mu filter ikayaka imani pomwepo.

Mukaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe, dziwani kuti zambiri za kumeneko ndi za petulo. Pemphani auction sheet, pepala la ku okushoni lofotokoza mmene galimoto ilili, osangokhutira ndi zithunzi zonyezimira. Papepalali chilembo R chimatanthauza kuti galimoto inakonzedwapo itachita ngozi. Pemphaninso zithunzi za kunsi. Madera ozizira monga Hokkaido amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, ndipo dzimbiri limadya chasesi cha kumbuyo, pafupi ndi thanki ndi pomwe pamagwira ma suspension. Injini mutha kusintha, chasesi yowola ayi. Makilomita olembedwa pa dashboard musawakhulupirire okha. Onani mmene chiwongolero, ma pedal ndi mpando wa dalaivala zathera. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye funsani clearing agent akuwerengereni musanatumize ndalama ngakhale imodzi. Anthu ambiri galimoto zawo zimagona pa boda chifukwa anawerengera mtengo wa pa intaneti wokha.

Pewaninso ya air suspension kumbuyo, yomwe imapezeka m'zina zapamwamba. N'njofewa pa msewu, koma thumba la mpweya likaphulika muli ku Hewe palibe angakuthandizeni. Ya ma spring wamba ndiyo yathu.

Zomwe zimatha kawirikawiri pa misewu yathu ndi mabushi, ma ball joint a pansi, mashoka ndi timalabala ta CV. Ma ball joint musachite nawo masewera, akangoyamba kugogoda sinthani, chifukwa akaduka wilo limapindika galimoto ikuyenda. Masipeya amapezeka ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale ku Mzuzu, ndipo apa ndiye Toyota imapambana Pajero ndi Discovery. Pajero ya 3.2 ndi galimoto yabwino, ine ndimailemekeza, koma Mitsubishi inasiya kuipanga mu 2021 ndipo kale lomwe masipeya ake sanali ochuluka ngati a Toyota. Chenjerani ndi masipeya achinyengo oikidwa m'bokosi lokongola: filter ndi ball joint gulani zenizeni ngakhale zipweteke m'thumba. Matayala a Prado ndi a saizi ya 265/65 R17, ndipo chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kugula anayi pakamodzi si nkhani yaing'ono. Poti mawilo onse amakoka, musasakanize matayala osiyana kukula kapena otha mosiyana kwambiri, mumavutitsa diff ya pakati, yomwe imagawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo.

Ngati ndalama zanu zikungokwanira kugula basi, osatsala kanthu, ndingakonde muyang'anenso Fortuner kapena Hilux double cab ya 4x4, kapena mudikire pang'ono. Zimandiwawa kuona munthu wagulitsa chimanga ndi fodya wa zaka zingapo, Prado n'kukhala pamiyala kuseri kwa nyumba chifukwa cha gearbox yomwe oyilo wake sanasinthidwepo. Siyani ndalama yosinthira ma oyilo onse, wa injini, gearbox, transfer case ndi ma diff awiri, sabata yoyamba yomwe.

Prado ija mwati mwaiona ikugulitsidwa ku Lilongwe, pitani m'mamawa injini isanalizidwe, muilize nokha ili yozizira, muone utsi ndi kumva phokoso. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, aikweze pa pit, ayese low range ndi diff lock kuti aone ngati zikulowa ndi kutuluka. Mukatero mutitumizire chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya model, tikuuzani injini yomwe ilimo.